Valavu ya mitral yopanikizika: kodi mankhwala angaitsegule?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Munthu akajambulidwa mtima ndi eko (sikani ya mtima) n'kuuzidwa kuti valavu ya mitral yapanikizika mpaka 1.3 cm², vutoli limachokera kuti? Nanga mapiritsi angaitsegulenso?

Namwino wa Mtima: Mayi, valavuyi ili ngati zitseko ziwiri pakati pa chipinda chakumtunda ndi chakumunsi, mbali yakumanzere ya mtima. Yabwinobwino imatseguka 4 mpaka 6 cm². Ikafika 1.5 kutsika m'munsi, ndiye kuti yapanikizika kwambiri. Kwa ambiri gwero lake ndi zilonda zapakhosi zapaubwana zoyamba ndi bakiteriya wa streptococcus A. Zikapanda kuchizidwa ndi penisilini, chitetezo cha m'thupi polimbana ndi bakiteriyayo chimavulazanso valavu, matenda aja a rheumatic fever. M'mphepete mwa zitsekozo mumamatirirana pang'onopang'ono, zaka 10 kapena 20, mwiniwake osadziwa. Kwa okalamba, kashiamu ndiye amaumitsa valavu.

Magazi akamavutika kudutsa amadzadzana m'mapapo. N'chifukwa chake munthu amachita befu pokwera chitunda, usiku amafuna mapilo atatu, mwina kutsokomola magazi. Dokotala amamugoneka chammbali kumanzere n'kumvetsera pansi pa bere, pomwe pamamveka mkokomo wapansipansi. Koma muyeso weniweni umachokera ku eko.

Bambo Phiri: Palibe piritsi lotsegula valavu, mayi. Furosemide amachotsa madzi m'mapapo ndi m'miyendo. Atenolol kapena metoprolol amachepetsa liwiro la mtima, ndipo apa m'pofunika kumvetsa: magazi amadutsa pavalavuyi pokhapokha mtima ukamasuka pakati pa kugunda. Mtima ukathamanga nthawiyo imafupika, munthu n'kubanika. Ndiye chifukwa chake kutentha thupi, kuchepa magazi ndi kutenga pakati zimaulula matendawa mwadzidzidzi.

Chipinda chakumtunda chikafutukuka, mtima umayamba kugunda mosokonekera, magazi n'kuundana m'menemo, ndipo chibulumwa chikathawira ku ubongo ndi sitiroko. Wotereyu amwe warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo INR (muyeso wa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane) ikhale pakati pa 2 ndi 3. Musasinthanitse ndi rivaroxaban, mankhwala ena oletsa magazi kuundana: kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022 anaonetsa kuti pa matenda a rheumatic omwa warfarin ndiwo anamwalira ochepa. Jakisoni wa benzathine penicillin, mayunitsi 1.2 miliyoni pa milungu itatu kapena inayi iliyonse, asadumphidwe. Sakonza zowonongeka kale, koma amateteza kuti rheumatic fever isabwerenso.

Adokotala K: Pa 1.3 cm², ngati befu lilipo, funsani za baluni. Kachubu kamalowa pamtsempha wa m'mphechepeche, kuboola khoma la pakati pa zipinda zakumtunda, ndipo baluniyo ikafufuma imalekanitsa pomwe panamatirirana, njira imene dokotala wa ku Japan Kanji Inoue anafotokoza mu 1984. Asanayambe amajambula eko yodzera kummero. Akapeza magazi oundana, valavu yodontha kwambiri kapena youma ndi kashiamu, baluni siyenera; pamafunika opaleshoni yokonza valavuyo kapena yoikapo ina. Valavu yachitsulo imakhalitsa koma warfarin ndi wa moyo wonse. Yochokera ku nyama imatha zaka 10 mpaka 15, msanga kwa achinyamata.

Ngati wodwalayo ndi mayi wofuna kubereka, valavu itsegulidwe asanatenge pakati. Mayi akakhala ndi pakati magazi amachuluka pafupifupi ndi theka, ndipo warfarin amatha kuvulaza mwana, makamaka pa sabata 6 mpaka 12.