Mng'ono wanga akufuna kukaswa mphanje m'paki, ndimutumizire ndalamayo?

A admin, chonde ndibisireni dzina, m'gulu muno muli anthu akwathu ambiri.

Kwathu ndi ku Kasungu, kwa Chulu, kufupi ndi paki. Kuno ku Joni ndatha zaka zisanu ndi chimodzi, ndimagwira ya m'galadeni ku Randburg, kugona ku Cosmo City. Kumudzi ndinasiya mayi ndi mng'ono wanga, yemwe ali pabanja, ana atatu. Munda ndi womwe ankalima agogo uja, maekala awiri ndi theka.

Kuyambira nthawi ya makuponi a Bingu mayi ankapeza feteleza pafupifupi chaka chilichonse. AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, itayamba mu 2020 anagula ndi chiphaso cha unzika matumba awiri, lokulitsa ndi lobereketsa, K4,495 lililonse, ndipo chaka chimenecho ine ndinangotumiza ya aganyu basi. Kenako mtengo unapita pa K7,500, n'kudzafika pa K15,000, uku mayina akuchepa. Dzina la mayi lasowa zaka ziwiri zotsatizana. Kusitolo thumba linadutsa kale K100,000.

Chaka chatha ndinakwanitsa thumba limodzi lokha. Anathira ndi kachitsekero ka botolo kuti likwanire munda wonse. Vidiyo imene ananditumizira mu Febuluwale ndikadali nayo: chimanga cholekeza m'chiuno, masamba achikasu, m'mizere kaufiti atachita maluwa ofiira ngati wina anachita kumudzala. Chomwe anakolola chinatha Ogasiti asanathe, kuyambira pamenepo akudya ndalama ya lendi yanga.

Lamlungu mng'ono wangayo wanditumizira mawu pa WhatsApp. Akuti: "Achimwene, munda wa agogowu watha, tikungotayapo ndalama zanu. Mbali ya paki yomwe waya sunafike kuli dothi lakuda, chimanga chimabereka chokha. Nditumizireni R2,000 ya aganyu odula mitengo ndi kuzula zitsa. Mitengoyo ndiotcha makala, ndalama yanu ibwerera mvula isanagwe." Akuti sakhala woyamba.

Ndagwira njakata. Ndikamukaniza, ndiye kuti feteleza wa chaka chilichonse ali pa ine, pomwe ganyu wanga ndi wa masiku anayi pa sabata. Ndikamutumizira, ndikudziwa kuti malowo ndi a paki. Amene munakumanapo nazo, munatani?

Mnyamata wa ku Mayfair: Tumizani ndalamayo bwana. Njovu zili ndi boma loziyang'anira, ana a mng'ono wanuyo ali ndi inu nokha.

Mayi wa ku Turffontein: Achimwene, musatengeke ndi ndemanga ili pamwambayi. Ine kwathu ndi ku Lilongwe, mbali ya ku Dzalanyama. Alongo anga anayamba chimodzimodzi, ati ng'anjo imodzi yokha kuti apeze ya feteleza. Anagwidwa ndi matumba pa njinga, njinga inapita, makala anapita, ndalama ya kukhoti inachokera m'thumba mwanga kuno, yoposa ya feteleza yemwe ankamufunayo. Mukatumiza R2,000 imeneyo sungani ina pambali, mudzaifuna usiku wina foni ikadzalira.

Mwana wa kwa Lukwa: Ndife oyandikana. Mwaiwala kuti mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde? Anthu olima kunja kwa malire akugona kumunda ndi moto ndi zitini, nanga iye wolima m'kati mwenimweni? Njovu zikadya chimanga cha m'paki akadandaula kwa ndani? A gemu akachipeza amangochitchetcha chitamasula ngaiyaye.

Mnyamata wa ku Mayfair: Inu mukuyankhula mutakhuta mpunga wa ku Joni.

Mayi wa ku Turffontein: Mpunga womwewo ndi umene unatulutsa alongo anga m'chitokosi, bambo.

Bambo wa ku Tembisa: Mwana wanga, ine ndinalimapo fodya ku Kasungu komweko ndisanabwere kuno, ndiye ndimvereni pang'ono. Mng'ono wakoyo sakunama, mphanje imaberekadi. Dothi lakudalo ndi masamba amene akhala akuwolerana pamenepo zaka zambirimbiri. Koma dothi la kumeneko ndi lamchenga, ukadula mitengo mphamvu ija sichedwa kutsukuluka. Chaka choyamba udzaza nkhokwe, chachiwiri bwinobwino, chachitatu kapena chachinayi chimanga chiyamba kufunsa feteleza ngati munda wa agogo womwewo. Pamenepo munthu amalowanso m'kati maekala ena. Ndi mmene tinamalizira mitengo ya m'mbali mwa maesiteti, ife tomwe, ndi zigafa zathu.

Chimene makuponi anatibisira n'chakuti minda inali ikufa. Kuyambira 2005 takhala tikudzala chimanga pa chimanga, mapesi kuotcha pofuna mbewa, feteleza n'kumaphimba manyazi. Kaufiti amene ukumuonayo amakonda nthaka yoguga. Ngakhale dzina la mayi ako litabwerera mawa, matumba awiri ndi a ekala imodzi, ndipo sachiza munda.

Ndikanakhala ine ndikanagawa mundawo. Ekala imodzi chimanga, kudzala imodziimodzi ya Sasakawa, feteleza yense apite pamenepo m'malo momwaza ndi kachitsekero munda wonse. Kotsalako soya ndi mtedza, zomwe sizilira Urea, chaka chamawa chimanga chidzalowe mmene munali soyamo. Ngati m'mundamo mwamera misangu asaidule, imayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga cha pansi pake chimaoneka chokha.

Nachisale wa ku Rosettenville: Onjezerani manyowa a Mbeya pa zomwe anena bambowa. Mayi anga ku Dowa ndi zomwe akudalira. Thumba limodzi la feteleza amaligawa kasanu, makilogalamu 10 aliwonse kusakaniza ndi ndowe zouma za mbuzi kapena nkhumba, gaga, phulusa ndi madzi pang'ono, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kudikira masiku 21. Fungo lake lokha, eee, nkhuku zimathawa. Sindikunamizani kuti limafanana ndi matumba asanu a kusitolo, koma chimanga chimabiriwira. Chovuta ndi ndowe ngati pakhomo palibe ziweto. Pali mbuzi kwanuko?

Mnyamata wa ku Yeoville: Zonsezi n'zabwino, koma osatumiza ndalama m'manja mwake. Munthu amene wayeza kale malo ndi maso, mukamupatsa ya feteleza ikalipira aganyu odula mitengo. Lipirani kusitolo, mayi akatenge okha. Ine zinandionekera, ndinatumiza ya matumba atatu, pa chithunzi panaoneka matumba atatudi, koma awiri anali a aneba.

Mwana wa kwa Lukwa: Komanso tinene zoona, sabuside yeniyeni masiku ano ndi ife a ku Joni. Kwacha atangoitsitsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinkasangalala kuti randi yalemera, kufika kusitolo feteleza anali atatidikira kale pamwamba.

Mwini funso: Zikomo nonse. A Nachisale, mbuzi zilipo zinayi, ndowe zake mayi amangosesera ku dzala. Bambo a ku Tembisa, ndawaimbira mayi usiku, ndawafotokozera za kugawa munda. Soya avomera, koma akuti ekala imodzi yokha ya chimanga anthu awaseka pamudzi, ndiye tikadakambirana. Za mphanjezo iwo sankadziwa n'komwe, anangoti zii kwa nthawi, kenako anafunsa kuti akamangidwa mwanayo ana ake adyetsa ndani.

Mng'ono wanga wakwiya kuti ndawauza mayi. Mauthenga anga akuwawerenga koma sakuyankha, ndipo mlamu wanga wandinong'oneza kuti nkhwangwa anakanoletsa kale Lachiwiri. Malipiro ndilandira pa 30. Alipo m'gulu muno amene akupita ku Kasungu kumapeto a mwezi uno, woti angafike mpaka kwa Chulu? Ndikufuna munthu wamkulu woti akakhale naye pansi, pafoni akungondidula.