Tingawasamale bwanji abusa chaka chonse, osati pa masika pokha?

Mlembi wa mpingo, Nkhotakota:
Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. M'mipingo yambiri kuno kunyanja abusa amalandira zambiri mu Meyi ndi Juni tikakolola mpunga ndi chimanga, koma pofika Januwale kunyumba kwawo kumakhala kuli gwa. Dongosolo labwino ndi lotani kuti chithandizo chisamadukize?

Mkulu wa mpingo, Chipoka:
A Mlembi, choyamba siyanitsani zinthu zitatu: malipiro a mwezi, ndalama za ulendo, ndi mphatso. Zikasakanikirana, msungichuma amayamba kunena kuti "paja tinawapatsa mpunga" ndipo malipiro amachedwa. Malipiro atuluke tsiku lodziwika mwezi uliwonse, ngakhale pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo alembedwe m'buku.

Za mphatso, gawani miyezi 12 ku milaga kapena nthambi zanu, sesoni (bwalo la akulu a mpingo) ivomereze, ndandanda ikhomedwe kutchalitchi. Disembala, Januwale ndi Febuluwale muike milaga yamphamvu, kapena iwiri pamodzi, chifukwa nthawi imeneyo aliyense akulira ndi feteleza, fizi ndi njala. Ambiri amalakwitsa poyamba ndandanda ndi mlaga wa pasiteshoni mu Juni, miyezi yovuta n'kugwera timilaga takumudzi. Mlaga ufunse kaye mayi busa chomwe chikusowa. Apo ayi, aliyense abweretsa shuga ndi nsalu pomwe sopo, mafuta ophikira ndi makala mulibe.

Mayi wa Chigwirizano, Dwangwa:
Ndionjezere pa kasungidwe, poti chakudya chambiri chimathera pamenepo. Kuno kukutentha, anankafumbwe sachedwa. Chimanga cha masika chimachokera m'makomo osiyanasiyana, china chosauma bwino, ndiye musachithire m'matumba tsiku lomwelo. Chiyanikeni pamkeka, kenako yesani: thirani chimanga chodzaza dzanja m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mukhutchumule. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume.

Chikauma, chisungeni m'matumba a PICS, omwe ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Finyani mpweya, mumange lililonse palokha, osathira mankhwala. Asanjikeni pa mitengo kapena matabwa, asakhudze pansi kapena khoma. Likangobooka ndi khoswe, ntchito yake yatha. Mpunga usungidwe wosapuntha, muzipita nawo kuchigayo pang'onopang'ono. Ufa wa kondowole ndi usipa wouma bweretsani zochepa, sizikhalitsa. Powerengera, nyumba ya abusa simasowa alendo, choncho ikani matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 pamwezi.

Mtumiki, Salima Boma:
Zoona mayi. Koma tisaiwale njinga yamoto. Mbusa wa nthambi zambiri amayenda maliro, mgonero, odwala, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje ngati Bua ndi Linthipe ikadzaza njira zina amazungulira. Nthambi yomwe yawaitana ipereke mafuta opita ndi kubwerera asananyamuke, asamachite kupempha atafika. Pambali pakhale kathumba ka oyilo, matayala, tcheni ndi inshuwalansi. Denga la nyumba yawo liwonedwe mu Okutobala mvula isanagwe.

Chinanso, apatseni tsiku limodzi pasabata lopuma, mulengeze paguwa, akulu a mpingo agwire za tsikulo kupatula zadzidzidzi. Ndipo dandaulo lokhudza abusa lipite ku sesoni, lisamayambire pa gulu la WhatsApp pomwe ana awo akuwerenga.