Thadzi likuthothoka nthenga, lingafungatire mazira?

Mayi a ku Dedza: Abale thandizeni, thadzi langa lachikuda lasiya kuikira ndipo nthenga zangoti mbwee khola lonse koma likudya bwinobwino. Ndasunga mazira 12 ndimafuna lifungatire, zitheka?

Mlimi wa ku Mchinji: Ayi mayi musalikakamize, nkhuku ikamasintha nthenga mphamvu zonse zimathera komweko ndiye siikira, pamazira sikhalanso. Muziwonjezera soya wokazinga kapena usipa m'madeyamo, madeya okha sakwanira olo pang'ono.

Achimwene a ku Zomba: Koma muyang'anenso kunsi kwa mapiko, mwina ndi nsabwe kapena utitiri. Zikapezeka thirani phulusa pomwe nkhuku zimasamba fumbi paja.

Mlimi wa ku Mchinji: Mazirawo asangokhala kupitirira masiku 10, ambiri amasukusa. Pezani thadzi lina loti layamba kale kufungatira muliikire madzulo, pakatha masiku 21 anapiye aswa.