Kodi malire a chenjezo pa kukula kwa ma variable tiwaike pati?

WakuMsasa:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumayang'anira mapulogalamu oyendetsa ndondomeko za ntchito. Ku kampani ya inshuwalansi kumene ndimagwira ntchito kuno ku Harare, pempho lililonse la malipiro limayenda ndi ma variable (malo a mu pulogalamu osungiramo uthenga) osunga dzina la kasitomala, ndalama zimene akupempha ndiponso zikalata zake zojambulidwa, ndipo mapempho okhala ndi zikalata zambiri amachedwa kutseguka. Ndauzidwa kuti ndiike malire oti variable ikawapitirira, pulogalamu izilemba chenjezo mu log, fayilo imene imalembamo zimene zikuchitika. Kodi nambala yoyenera imapezeka bwanji?

Mayi wa ku Highfield:
Achimwene, nambala imeneyo palibe amene angakupatseni asanaone ntchito yanu. Yambani mwayeza kukula kwa ma variable a mapempho amene akuyenda panopa, makamaka a kumapeto kwa mwezi pamene ntchito imachuluka, kenako muike malirewo pamwamba pang'ono pa kukula kwa mapempho ambiri, kuti chenjezo lizilira pa okhawo amene atupa mosayenera. Mukawatsitsa kwambiri, log imadzaza ndi machenjezo tsiku lililonse mpaka anthu amasiya kuwawerenga. Simunatchule pulogalamu yanu, koma ngati ndi IBM Business Automation Workflow, zosintha zimalembedwa mu fayilo ya 100Custom.xml, seva imafunika kuizimitsa ndi kuiyatsanso, ndipo mumatsimikiza mu fayilo ya TeamWorksConfiguration.running.xml kuti zimene mwalembazo zagwiradi.

Mkulu wa ku Mufakose:
Zimene anena mayiwa ndi zoona, koma ine chandidetsa nkhawa ndi mawu anu akuti zikalata zojambulidwa zili m'kati mwa ma variable. Pamenepo ndi pamene pagona vuto, ndipo chenjezo lidzangokuuzani chimene mukuchidziwa kale. Nthawi iliyonse ndondomeko ikaima kudikira munthu, pulogalamu imasunga ma variable mu database (nkhokwe yake ya uthenga), ndipo munthuyo akatsegula ntchito yake imawawerenganso. Choncho chikalata chimodzi cholemera chimanyamulidwa mobwerezabwereza kuyambira kwa kalaliki wolandira pempho mpaka kwa bwana wolivomereza. Komanso fayilo ikasandutsidwa Base64 (njira yolembera fayilo m'zilembo wamba) kuti ilowe mu variable, kukula kwake kumawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, moti chithunzi cha 3 MB chimafika pa 4 MB.

Nambala imeneyi si yamasewera, chifukwa mu Camunda 8, pulogalamu ina yoyendetsa ndondomeko za ntchito, uthenga umodzi saulola kupitirira 4 MB pokhapokha mwini wake atasintha malirewo, ndipo ukapitirira sipabwera chenjezo ayi, umangokanidwa. Mu Camunda 7 namonso variable ya mawu wamba imalekezera pa zilembo 4000, kapena 2000 ngati database ndi ya Oracle. Zikalatazo zisungidwe kumalo osungira mafayilo, ndipo variable izingonyamula nambala yolozera kumene chikalatacho chili. Mukatero mudzaona kuti pempho lonse likukwana mu ma KB ochepa chabe.

WakuMsasa:
Zikomo kwambiri bambo, koma kusamutsa zikalatazo ndi ntchito ya miyezi, pamene malirewo akufunika sabata ino. Kodi ndingowasiya kaye?

Mayi wa ku Highfield:
Musawasiye ayi. Pano ndisiyana pang'ono ndi bambo a ku Mufakose, chifukwa si zikalata zokha zimene zimatupitsa ma variable. Pali mndandanda umene umawonjezeredwa mzere nthawi iliyonse pempho likabwezedwa kuti likonzedwe, palinso yankho lonse lochokera ku pulogalamu ina limene wolemba ndondomeko amalisunga lathunthu pamene amangofunamo mizere iwiri. Zoterezi zimakula mwakachetechete, ndipo chenjezo ndi limene limazivumbula. Ikani malirewo poyamba pa seva yoyeserera, muone ngati chenjezolo likutchula ndondomeko ndi pempho lokhudzidwa, ndipo mugwirizane ndi anzanu za munthu amene aziwerenga log imeneyo m'mawa uliwonse. Zikalata zikadzasamutsidwa, mudzayezenso ndi kutsitsa malirewo, chifukwa nambala ya sabata ino idzakhala itakwera kwambiri kwa mapempho opepukawo.