Za funso lija la masamba osaoneka pa Google

Munafunsa chifukwa chimene alendo achepera webusayiti itasamutsidwa. Vuto lapezeka mu robots.txt, fayilo imene imauza Google masamba oti asalowemo: munatsala mzere wa Disallow: / (woletsa kulowa patsamba lililonse) wa nthawi yoyesera webusayiti ija, ndiye Googlebot, pulogalamu ya Google yoyendera masamba, amangobwerera pakhomo. Kuuchotsa kokha sikokwanira. Onaninso ngati masamba ali ndi noindex (chizindikiro chouza Google kuti asaonetse tsamba pa zotsatira zake), pa WordPress kabokosi kake kamabisala ku Settings, Reading, ndipo ambiri amakaiwala. Maadiresi akale alozere atsopano ndi 301 (nambala yosonyeza kusamukiratu), osati 302 (kusamuka kwakanthawi), apo ayi Google apitiriza kugwira akalewo. Mukatero tumizani sitemap.xml (mndandanda wa masamba anu) mu Search Console (chida cha Google cha eni mawebusayiti), masamba ofunika kwambiri muwapemphere Request Indexing (pempho loti Google awayenderenso), koma ili ndi malire patsiku. Alendo sabwerera mawa lomwe ayi, zimatenga masiku angapo, mwinanso milungu.