Voice note ya "katemera wotha ntchito" yatisokonezera outreach, pa Facebook tiyankhe bwanji?

Wa health promotion, ku boma: Akuluakulu thandizeni msanga. Pa WhatsApp pakuyenda voice note yoti katemera wa COVID-19 amene tikubaya ndi wotha ntchito uja. Pansi pa post ya malo obayira anthu akungomata zomwezo, ena akutukwana ma HSA (alangizi a zaumoyo a m'midzi). Yankho lalembedwa kale koma likudikirabe siginecha ya a DHSS (mkulu wa zaumoyo m'boma lino). Ndifufute ma comment, nditseke, kapena ndiyankhe mmodzimmodzi? Outreach (kukabaya katemera m'midzi) ndi mawa m'mawa!

Wa RCCE (za mauthenga a miliri ndi kukambirana ndi anthu m'madera): Musafufute achimwene. Mukafufuta amajambula screenshot n'kumati a zaumoyo akubisa. Otukwana ndi otchula maina a ma HSA apangeni hide. Comment yobisidwa mwini wake ndi anzake amaionabe, ndiye sakwiya, koma ena onse saiona. Mawu otukwanawo aikeni pa mndandanda wa moderation mu settings. Ofunsa moona mtima ayankheni pamalo amodzi, ndi comment imodzi yopanga pin. Chenjezo: mutu wa yankho usabwereze bodzalo. Ambiri amawerenga mzere woyamba wokha, ndiye mukayamba ndi "katemera wotha ntchito" mwawathandiza kufalitsa. Yambani ndi zoona: vial (kabotolo ka katemera) iliyonse ili ndi batch number ndi tsiku lothera ntchito, ndipo aliyense ali ndi ufulu woona asanabayidwe.

Mkulu wa environmental health: Inu mukulimbana ndi Facebook chifukwa chiyani? Mayi wobwera ku outreach mawa alibe bundle. Pitani ku wayilesi ya m'dera, itanani mafumu ndi azibusa. Basi.

Wa EPI (nthambi ya katemera): Umboni ulipo, ugwiritseni ntchito. Pa 19 May 2021 Unduna wa Zaumoyo unawotcha madozi 19,610 a AstraZeneca ku Kamuzu Central Hospital, atolankhani akuona, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo Khumbize Chiponda ali pomwepo. Anali otsala mwa amene anabwera kudzera ku African Union ndipo anatha ntchito pa 13 April. Anawawotchera poyera dala kuti anthu asakayike kuti wina abayidwa nawo. Jambulani vial ya m'furiji yanu, tsiku lioneke bwino, koma pasaoneke kadi kapena nkhope ya munthu. Musaiwale kuti vial yotsegula imatayidwa pakatha maola 6, anthu akaona izi amayesa tikutaya woonongeka. Afotokozereni asanafunse.

Wa RCCE: Ndiwonjezere. Tsiku, nthawi ndi dzina la ofesi zilembedwe m'kati mwa chithunzi, osati pa caption. Screenshot imasiya caption, ndiye chithunzi cha mwezi watha chimabweranso ngati cha lero. Chithunzi chikhale chopepuka, chifukwa cholemera anthu sachitsegula poopa bundle.

Mkulu wa environmental health: Mwanena nokha za bundle. Wayilesi simafuna bundle. Ndabwerezanso.

Namwino wa community health: Bambo, za wayilesi palibe akutsutsa, koma bodzali lalowa m'mudzi pa foni ya mwana wa m'tauni, ndipo wayilesi pulogalamu yake ndi ya Lachisanu. Voice note iyankhidwe ndi voice note. Isapitirire mphindi imodzi, m'chilankhulo cha m'deralo, wolankhula adzitchule udindo ndi tsiku poyamba, amalize ndi nambala yaulere ya 929. Itumizeni m'magulu a ma HSA, a ADC (makomiti a chitukuko a m'madera) ndi a mipingo, aliyense aitumize payekha. Kumbukirani kuti kuyambira April 2020 uthenga umene wapangidwa forward kambirimbiri WhatsApp imalola kuutumiza ku chat imodzi yokha pa nthawi, ndiye ukatchuka umayenda pang'onopang'ono. Asungeni faeloyo n'kumaitumiza ngati yatsopano.

Wa surveillance: Chonde m'yankho musaikemo ziwerengero za boma lanu zisanatuluke za PHIM (nthambi ya Unduna yolondoloza matenda). Zikasiyana ndi za Unduna ngakhale ndi munthu mmodzi, nkhani imasanduka yoti tikuphika manambala. Kusiyanako kawirikawiri kumabwera posakaniza odwala atsopano a maola 24 ndi chiwerengero chonse, kapena zotsatira za labu zochedwa. Komanso mudzi, zaka ndi ntchito ya wodwala zisatchulidwe pamodzi, m'mudzi amamudziwa pompo. Voice noteyo ilembeni mu rumour log (kaundula wa mphekesera): tsiku, kumene yamveka, mawu ake enieni.

Wa health promotion, ku boma: Za vial ndamva. Nanga siginecha? Bwana ali ku msonkhano, foni sakuyankha.

Wa RCCE: Musatulutse chopanda chilolezo. Panopa pangani share uthenga wa katemera wa pa tsamba la Unduna, umenewo ndi wovomerezeka kale. Zikadutsa izi, pemphani a DHMT (akuluakulu oyendetsa zaumoyo m'boma lanu) avomereze mayankho okonzeratu a mphekesera zobwerezabwereza: za kusabereka, za 666, za kutha ntchito. Tsambalo lili ndi ma admin angati? Akhale awiri kapena atatu, onse ndi two-factor (password kuphatikiza code ya pa foni polowa). Masamba a maofesi amatayika admin mmodzi yekhayo akasamutsidwa.

Mkulu wa environmental health: Mukamaliza zonsezo, galimoto ya chimkuzamawu idutse madzulo ano pa msika. Mafuta ake alipo pa bajeti ya outreach?

Wa EPI: Mafutawo ndi omwe akunyamula ma cooler box mawa, musawakhudze.