Thandizeni, aliyense akulowa mufoda yanga ngati Guest

Akuluakulu, ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kufotokopa kuno ku Nchalo, makompyuta atatu onse Windows 10 Pro pa rauta imodzi. Foda ya ma CV a makasitomala ili pa kompyuta yanga ndipo anyamata amaitsegula ali pa makompyuta awo, koma onse akulowa ngati Guest (akaunti ya alendo) olo ndinawapangira aliyense akaunti yake. Dzulo wina wafufuta CV ya mayi wina mwangozi, mayiwo ali chiimire pakhomo ndi dzuwa lakunoli, manyazi ake eee.

Mu secpol.msc, momwe amasinthira malamulo a chitetezo a Windows, ndaona pali njira ziwiri zolowera pa netiweki, Classic ndi Guest only. Ndikasankha Classic ndiye kuti aliyense azilowa ndi dzina komanso pasiwedi yake? Nanga poti akaunti yopanda pasiwedi Windows imaikana pa netiweki, ndiyambe ndawaikira kaye? Ndikufuna mnyamata watsopanoyu azingotsegula basi, osafufuta kanthu.